Meshi ya heniya: tiuzeni zonse tisanasaine, ndipo timvereni tikati zikupweteka

Asisi, lero tikambe za kuchipatala. Nkhaniyi ndi yayitali pang'ono koma pirirani nayo mpaka kumapeto, chifukwa mwina ikukhudza inuyo, mayi anu, kapena mnzanu uja anachira kudzera pa siza chaka chatha.

Tikamva mawu oti heniya, ambirife timangoti amenewo ndi matenda a azibambo, aja anthu amanong'onezana kuti phudzi kapena mwera. Pali choonadi pamenepo. Heniya ya m'mphechepeche imagwira amuna pafupifupi 27 mwa 100 alionse pa moyo wawo, pomwe akazi ndi 3 okha. Koma nafenso tili nazo zathu, ndipo zathuzo sizikambidwa kwenikweni.

Heniya imachitika chonchi: m'mimba mwathumu muli khoma la minofu lomwe limasunga matumbo m'malo mwake. Khomali likafooka kapena kung'ambika pena pake, thumbo kapena mafuta amasuzumira pabowopo n'kupanga chotupa pansi pa khungu. Chimaoneka kwambiri ukatsokomola, ukasenza ndowa kapena ukabereka mwana kumsana, ukagona chagada chimabwerera mkati. Kwa akazi zimakonda kuchitika pamchombo ukabereka, makamaka ngati mimba zakhala zingapo. Zimachitikanso pachipsera cha siza kapena cha opaleshoni ina ya pamimba, makamaka ngati balalo linachita mafinya. Ndiye pali ina yotchedwa femoral, yomwe imatulukira chakumtunda kwa ntchafu ndipo imagwira kwambiri akazi. Imeneyi imakhala yaing'ono, munthu n'kumangoti ndi mwanabere, chonsecho ndi imene imapana thumbo mosavuta.

Kwa munthu wamkulu, heniya sitha ndi mapiritsi, zitsamba kapena kumanga mimba ndi chitenje. Bowolo limatsekedwa ku fiyeta basi. Dokotala akhoza kusoka minofuyo ndi ulusi wokha, kapena kuikapo meshi. Meshi ndi kaukonde kopyapyala, nthawi zambiri ka pulasitiki wotchedwa polypropylene, komwe amakayala pamalo ofookawo ngati chigamba. Dokotala wina wa ku America, Francis Usher, ndiye anayambitsa meshi za mtundu umenewu cha m'ma 1958. Ikaikidwa, mnofu wa munthu umamera n'kulukana ndi timabowo take. N'chifukwa chake imagwira zolimba, n'chifukwa chakenso kuichotsa ndi ntchito yaikulu. Imeneyi si bandeji yoti mawa mukamatula. Amaiika kuti mukhale nayo moyo wanu wonse.

Sitikufuna wina achoke pano akuti tanena kuti meshi ndi poizoni. Ayi ndithu. Chaka chilichonse padziko lonse pamachitika maopaleshoni a heniya ya m'mphechepeche oposa 20 miliyoni, ndipo anthu ambiri oikidwa meshi amachira bwinobwino n'kuiwala kuti ali nayo. Kafukufuku wa ku Netherlands yemwe anatuluka mu 2000 anayang'ana anthu a heniya ya pachipsera. Patatha zaka zitatu, heniya inali itabwerera mwa 43 pa 100 alionse amene anangosokedwa, pomwe mwa oikidwa meshi inabwerera mwa 24. Kusiyanako n'kwakukulu, ndipo aliyense amene anapangidwapo opaleshoni kawiri pamalo amodzimodzi akudziwa kufunika kwake.

Koma meshi ili ndi mbali ina, ndipo mbali imeneyi ndi imene odwala ambiri amaimva zinthu zitavuta kale. Ikhoza kukhwinyata n'kumakoka minofu. Ikhoza kupana kapena kukhula mtsempha, munthu n'kumamva kuwotcha, kubaya kapena dzanzi lotsikira ku ntchafu. Tizilombo tikamatirira pa pulasitikiyo timavuta kupha, moti bala limatuluka mafinya, kupola, kuphulikanso, miyezi n'kumapita, mpaka meshiyo itachotsedwa. Ikakhudzana ndi matumbo ikhoza kumatirirana nawo, kuwatseka, kapena kuwaboola. Ikhozanso kusuntha pamalo pake. Ndipo ngakhale meshi ilipo, heniya ikhoza kubwererabe.

Ku Denmark, komwe amasunga kaundula wa maopaleshoni a heniya, anatsatira anthu oposa 3,000 amene anapangidwa opaleshoni ya heniya ya pachipsera. Zotsatira zake zinatuluka mu 2016. Meshi inachepetsadi kubwerera kwa heniya, koma pofika zaka zisanu, anthu 4 mpaka 6 mwa 100 alionse anali atakumana ndi vuto lobwera chifukwa cha meshiyo, ndipo mavutowo ankawonjezekera zaka zikamapita. Malangizo omwe akatswiri a heniya a m'mayiko ambiri anagwirizana mu 2018 amati mwa anthu 100 opangidwa opaleshoni ya m'mphechepeche, 10 mpaka 12 amatsala ndi ululu wopitirira miyezi itatu. Si ululu wonsewo umene umachokera ku meshi, poti ngakhale wosokedwa chabe akhoza kuumva. Koma malangizo omwewo amatchula anthu amene ali pachiopsezo chachikulu cha ululu wosathawu, ndipo m'gulumo muli akazi ndi anthu achichepere. Ndife amenewo, asisi.

Chifukwa chimene tikuilembera nkhaniyi patsamba lino ndi zimene zinachitikira amayi a mayiko ena pulasitiki yomweyi itayamba kuikidwa malo ena. Makampani ataona kuti meshi ikuyenda malonda pa heniya, cha m'ma 1990 anayamba kupanga ina yoika kudzera m'njira yoberekera, yothandiza amayi amene mkodzo umangodontha akatsokomola kapena kuseka, ndipo kenako ina ya amayi amene chiberekero kapena chikhodzodzo chatsika. Ku America lamulo linkalola kuti kampani ikangosonyeza kuti chipangizo chake n'chofanana ndi china chomwe chili kale pamsika, chiloledwe popanda kuchiyesa kaye mokwanira pa anthu. Imodzi mwa meshi zoyambirira, ProteGen ya kampani ya Boston Scientific, inaloledwa mu 1996 n'kuchotsedwa pamsika mu 1999 chifukwa cha mavuto. Koma zina zomwe zinaloledwa poti zikufanana nayo zinapitirira kugulitsidwa.

Amayi ankauzidwa kuti ndi kaopaleshoni ka mphindi zochepa, mawa lake ali kunyumba. Ambiri zinawayenderadi. Koma ena meshi inawacheka mkati, kutulukira m'njira yoberekera kapena kuboola chikhodzodzo. Ena analeka kukhala malo amodzi ndi amuna awo chifukwa cha ululu, mabanja n'kutha. Ena anasiya ntchito, ena anayamba kuyendera ndodo kapena njinga ya olumala. Kafukufuku wina ku England anayang'ana amayi oposa 92,000 amene anaikidwa meshi ya vuto la mkodzo pakati pa 2007 ndi 2015, ndipo anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa khumi alionse anakumana ndi vuto.

Nanga amayiwa atabwerera kuchipatala kukadandaula anauzidwa chiyani? Ambiri anauzidwa kuti ndi maganizo chabe. Ena kuti ndi kukula, ndi kusiya kusamba, ndi mmene zimakhalira ukabereka. Ena anauzidwa kuti ndinu nokha amene mukudandaula, enawo ali bwinobwino. Aliyense ankabwerera kwawo akudziona ngati wamisala.

Chimene chinasintha zinthu ndi amayi eni akewo atapezana. Ku Scotland, Elaine Holmes ndi Olive McIlroy anakapereka dandaulo ku nyumba ya malamulo, ndipo mu 2014 nduna ya zaumoyo inapempha zipatala kuti ziyambe zaimitsa kuika meshizi. Ku England, mtolankhani Kath Sansom, yemwe naye meshi inamuvulaza, anayambitsa gulu la Sling the Mesh mu 2015. Gululi linakulira pa Facebook pomwe tili panopa, mpaka kufika amayi masauzande. Aliyense amene ankauzidwa kuti ali yekha anapeza anzake ofotokoza ululu wofanana ndendende. Australia inachotsa pamsika meshi za kutsika kwa chiberekero mu 2017, nduna yake ya zaumoyo inapepesa amayi mu 2018, ndipo mu 2019 khoti la dzikolo linagamula mokomera amayi oposa 1,000 amene anasumira Johnson & Johnson ndi nthambi yake ya Ethicon. England inaimitsa maopaleshoniwa mu July 2018. Bungwe la FDA ku America, lomwe linali litachenjeza kale mu 2008 ndi mu 2011, linalamula mu April 2019 kuti meshi za kutsika kwa chiberekero zoika kudzera m'njira yoberekera zisiye kugulitsidwa. Milandu ya meshi m'makhoti a dzikolo inaposa 100,000.

Mu July 2020 kunatuluka lipoti la Baroness Julia Cumberlege lotchedwa First Do No Harm, lomwe boma la Britain linalamula. Gulu lake linamvetsera anthu oposa 700, ambiri mwa iwo amayi, okhudzidwa ndi meshi komanso mankhwala ena awiri. Zomwe linapeza n'zimene amayiwo ankanena kwa zaka zambiri: sanauzidwe zoopsa zake asanavomere, panalibe amene ankasunga bwino mayina a oikidwa meshi n'kuwatsatira, ndipo atadandaula sanamvedwe. Boma linapepesa. Tangowerengani zakazo. Kuchokera 1999, pomwe meshi ija inachotsedwa pamsika, kufika 2020 ndi zaka 21. Mwana wobadwa chaka chimenecho anali atafika ku koleji amayi ake akuuzidwabe kuti ndi maganizo.

Odwala heniya nawo atamva amayiwa akuyankhula anazindikira nkhani yawo. Mu 2018, pulogalamu ya Victoria Derbyshire pa BBC inanena kuti mwa maopaleshoni a heniya pafupifupi 570,000 oika meshi omwe anachitika ku England m'zaka zisanu ndi chimodzi, anthu okwana mwina 170,000 akhoza kukhala ndi mavuto. Madokotala ena anatsutsa kuti nambalayo yakwera kwambiri, ndipo mkanganowo unatheka chifukwa panalibe kaundula wokwanira woti anthu aloze. Izi zili choncho meshi zina za heniya zinali zitachotsedwapo kale pamsika, monga Physiomesh ya Ethicon mu 2016, zitaoneka kuti odwala ambiri akubwereranso ku fiyeta.

Tikudziwa kuti wina ayankha m'makomenti kuti, inu, kuno ngakhale Panado amasowa, anthu akudikira opaleshoni miyezi, ndiye muzitiuza za mavuto a ku London? Funsolo n'lomveka. Kuno vuto loyamba ndi kupeza opaleshoniyo, ndipo anthu amamwalira thumbo litapanika asanafike pachipatala cha boma. Sitikufuna kuti aliyense athawe opaleshoni chifukwa cha zimene wawerenga pano. Koma meshi si nkhani ya kutali. Imaikidwa m'zipatala zolipira, imabwera ndi madokotala akunja amene amadzapanga maopaleshoni kwa sabata imodzi kapena ziwiri n'kubwerera kwawo, ndipo abale athu opita ku India kapena ku Joni kukalandira thandizo amabwera nayo m'thupi. Komanso ikutsika mtengo. Ku Uganda anayesa meshi yodulidwa ku neti ya udzudzu yopanda mankhwala, yophikidwa bwino kuti iphe tizilombo, poiyerekeza ndi ya kufakitale. Zotsatira zinatuluka mu 2016: patatha chaka panalibe kusiyana kwenikweni, chonsecho ya netiyo mtengo wake sunkafika dola imodzi pomwe inayo inkaposa madola 100. Imeneyo ndi nkhani yabwino kwa mayiko ngati lathu. Tingoonjezera kuti anthu pafupifupi 300 amene anayesedwawo onse anali amuna.

Ndiye ngati dziko lolemera ngati Britain, lokhala ndi maloya, atolankhani ndi makompyuta m'chipatala chilichonse, linatenga zaka zonsezo kuti limve amayi ake, mayi wa ku Ntcheu amene madokotala omuika meshi anakwera ndege kalekale adzamumva ndani?

Tikudziwana mmene tinaleredwera. Mkazi amapirira. Kumatenite ukakuwa amakufunsa kuti pomwe unkazichita unkakuwa? Dokotala safunsidwa mafunso, ungaoneke wamwano. Fomu yovomereza opaleshoni nthawi zina imabwera uli kale pabedi, wavala gauni, ukunjenjemera, ndipo wina amangoloza kuti sainani apa. Nthawi zina amafotokozera mwamuna wako kapena gadiyani, iwe mwini mimba uli pomwepo ngati katundu. Ambirife tikukumbukira lipoti la Woes of the Womb lomwe ofesi ya Ombudsman inatulutsa mu 2019, nthawi ya mayi Martha Chizuma, lokhudza amayi amene anachotsedwa ziberekero m'zipatala za boma. Kusamvedwa kwa mkazi pa nkhani ya thupi lake sitikuchita kukuphunzira kwa azungu.

Tikudziwanso kuti anamwino, makiliniko ofesa ndi madokotala athu amagwira ntchito mopanikizika, munthu mmodzi mzere wa anthu mazana. Ambiri ndi asisi athu omwe. Koma kufotokozera wodwala chimene chikulowa m'thupi mwake ndi gawo la opaleshoniyo, ngati kusamba m'manja. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limanena kale, pa nkhani za uchembere ndi kulera, kuti wachipatala apereke uthenga wonse wofunika kuti munthu asankhe yekha, ndipo atenge chilolezo cholemba asanachite chilichonse. Ife tikuti mzimu womwewo ufike pa opaleshoni iliyonse yosiya chinthu m'thupi mwa munthu.

Safunsa anadya phula. Ngati inu kapena m'bale wanu mwauzidwa kuti pakufunika opaleshoni ya heniya ndipo si yadzidzidzi, funsani izi, ngakhale mutachita kuzilemba pafoni:

1. Kodi muika meshi kapena mungosoka? Chifukwa chiyani mwasankha njira imeneyo kwa ineyo?
2. Heniya yangayi ndi yaikulu bwanji, ndipo chingachitike n'chiyani nditadikira?
3. Ndikufunabe kudzabereka. Zikusintha chiyani? Funso ili musalisiye. Malangizo a akatswiri a ku Ulaya ndi ku America amati heniya ya pamchombo yomwe sikuvutitsa ndi bwino, ngati n'kotheka, kuikonza mayi atamaliza kubereka, chifukwa mimba ina ikhoza kuibwezeretsa.
4. Ngati chotupa chili m'mphechepeche, mwaonetsetsa kuti si femoral?
5. Meshiyo dzina lake ndi chiyani, yapangidwa ndi kampani iti? Pemphani kuti dzina ndi nambala yake zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala, ndipo mujambule tsambalo.
6. Zikadzavuta pakatha chaka kapena zaka zisanu, ndidzapite kwa ndani?

Ngati muli nayo kale meshi ndipo simukumva vuto lililonse, khalani ndi mtendere. Palibe chifukwa chokaichotsera, poti kuchotsako kuli ndi zoopsa zake. Koma ngati papita miyezi itatu ululu sukutha kapena ukukula, ngati bala likutuluka madzi kapena mafinya, ngati pamalopo pafiira, patentha, kapena chotupa chabwerera, bwererani kuchipatala ndipo munene momveka kuti munaikidwa meshi. Lembani masiku, malo amene pakupweteka, ndi zimene mukulephera kuchita. Pitani ndi munthu amene saopa kuyankhula. Ndipo ngati chotupa chalimba, chikupweteka kwambiri, sichikubwerera mkati, mukusanza, mimba yatupa, simukuchita chimbudzi kapena kutulutsa mpweya, musadikire kuti kuche. Thumbo lopanika limafa pa maola ochepa. Izi zikukhudza aliyense wa heniya, kaya anapangidwa opaleshoni kaya ayi.

Akakubwezani ndi mawu oti ndi maganizo, muli ndi ufulu wopempha kuonana ndi dokotala wina. Zipatala zambiri za boma zili ndi ombudsman wa pachipatala amene ntchito yake ndi kulandira madandaulo. Pamwamba pake pali Medical Council of Malawi yoyang'anira madokotala ndi makiliniko ofesa, komanso Nurses and Midwives Council ya anamwino ndi azamba.

Kwa Unduna wa Zaumoyo, kwa bungwe la PMRA loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala, komanso kwa eni zipatala zolipira ndi za mishoni, zopempha zathu n'zosafuna ndalama zambiri. Meshi iliyonse yolowa m'dziko muno, yogula kapena yamphatso, idziwike kumene yachokera, ndipo yomwe inachotsedwa pamsika kwina isapeze msika kuno. Aliyense woikidwa meshi alembedwe m'kaundula, dzina lake pamodzi ndi dzina la meshiyo, kuti ikadzapezeka ndi vuto anthuwo athe kuitanidwa. Denmark inadziwa zoona za meshi chifukwa cholemba ndi kutsatira basi. Madokotala obwera kudzathandiza kwa masiku ochepa asanyamuke asanasiye mayina a odwala ndi munthu wapachipatalapo wodzawaona. Fomu yovomereza ikhale m'chiyankhulo chimene wodwala akumva, Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena china, ifotokozedwe tsiku la opaleshoni lisanafike, ndipo asaine ndi mwini thupi. Ndipo mkazi akabwera n'kunena kuti pamene munandipanga opaleshoni paja pakupweteka, ayezedwe kaye asanauzidwe kuti apirire.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amayi a ku Scotland, England ndi Australia anatsekula okha, koma anatsekula mochedwa chifukwa aliyense ankaganiza kuti m'nyumbamo ali yekha. Ifeyo tili ndi mwayi woti tikudziwa kale mmene nkhani yawo inathera, ndiye tisadikire zaka 21 zathu.

Ngati munapangidwapo opaleshoni ya heniya, tiuzeni m'makomenti: anakuuzani kuti akuika meshi? Anakufotokozerani ubwino ndi kuipa kwake? Zinalembedwa m'buku mwanu? Amene zinakuyenderani bwino nanunso yankhulani, mawu anu athandiza wina amene akuopa fiyeta. Chonde musatchule mayina a madokotala kapena a odwala anzanu pagulu. Ngati nkhani yanu simukufuna ionekere, tilembereni ku inbox, ndipo sitidzaitulutsa popanda chilolezo chanu. Tumizani izi ku gulu la WhatsApp la kubanja kwanu, ndipo amene alibe foni, monga mayi kapena azakhali kumudzi, muwawerengere.